Nambala 214

Ndinatsika basi ndi malaya a ku Nsanje,
opyapyala ngati khoko la anyezi,
Mzuzu n'kundilonjera ndi mano ozizira.
Masana ndinachita zimene mlendo amachita:
ndinajambulitsa pa Katoto,
ndinagula khofi wa m'paketi
ndi jekete la pakaunjika lonunkha munthu wina,
ndinati "yewo" pofunika kunena "monire."

Usiku tulo tinakana.
Vitumbiko, mnyamata wa kabaza, anati,
"Adada, ku Chibavi kuli malo, anthu amadziimbira okha."
Tinatsetsereka m'nkhungu,
nyali ya njinga yake ngati diso lodwala.

Pakhomo mlonda atafungatira mbaula.
M'kati mababu ofiira,
fungo la kanyenya ndi mowa wotayikira pansi,
kanema pakhoma akulavula mawu oyera
osanduka achikasu limodzilimodzi.
Mphunzitsi wina, choko chikadali m'zikhadabo,
ankapha nyimbo ya chikondi mopanda chisoni,
anzake akukuwa ngati wagoletsa chigoli.
Atsikana atatu a ku yunivesite
akulandizana maikolofoni ngati chimanga chootcha.

Ine phee pakona.
Buku la nyimbo linafika patebulo langa,
masamba ake ofewa ngati ndalama yakale.
Ndinkangovundukula kuti manja apeze chochita.

Nambala 214.

Nyimbo imene NyaMsowoya ankaimba akusita,
makala akuthetheka m'simbi,
zaka makumi awiri ndi zisanu,
Loweruka lililonse.
Ine ndinkamutsatira ndili pakhonde
ndi Chitumbuka changa chopeka, cha m'mphuno,
iye n'kumangoseka, osandikonza.

Lusubilo wa pakauntala analemba dzina langa pakapepala.
"Bambo Alufandika, mlendo wathu wa kotentha!"
Maikolofoni inali yofunda ndi mpweya wa ena.

Ng'oma zinayamba. Ndinachedwa kulowa.
Ndipo mawu a pakanema
sanali mawu anga.
Ngakhale limodzi.
Ankathamanga kundisiya ngati minibasi yodzaza,
ine m'mbuyo ndi katundu wanga wabodza.
Wina anaseka mpaka kutsamwa.
Kenaka mphunzitsi uja anaimirira,
atsikana aja, dalaivala wa thiraki ya matabwa a ku Chikangawa,
ngakhale mlonda anasuzumira pakhomo,
onse anainyamula nyimbo ija
monga anyamulira munthu wokomoka kutchalitchi,
mpaka kukaitula kumapeto.

Nditakhala pansi mawondo akunjenjemera
ndinamufunsa Lusubilo,
"Kodi imati chiyani?"

Anapukuta tambula, osandiyang'ana.
"Ndi mzimayi, adada. Akuuza mwamuna wake:
tiye kwathu ukaone kumene ndinabadwira,
nkhungu ya kwathu isanandiiwale.
Basi, ndi zomwezo. Amangobwereza."

Amangobwereza.

Ine ndinkati chaka chamawa.
Thonje likagulidwa.
Ana akamaliza sukulu.
Msewu akaukonza.
Kwathu timati fulumira adadya gaga,
koma wodekha uja, ndani adamufunsa chimene adadya?
NyaMsowoya agona m'dothi lotentha la ku Tengani
pansi pa mtengo wa masawu,
kumene nkhungu siifika.

Ndinalipira mowa wa mphunzitsi, iye osadziwa.
Ndinapempha Lusubilo andilembere mawu onse
kuseri kwa risiti,
zilembo zazikulu, poti maso anatha.

Kunja mvula yowaza, ija yosanyowetsa msanga.
Vitumbiko atagona pachishalo, chipewa kumaso.
Anadzambatuka. "Mwaimba, adada?"
"Ndaimba."
"Zinayenda?"
"Ndinalowa mochedwa."

Anaseka, napalasa.
Chitunda cha ku Chibavi chinamukulira, ndinatsika,
tinakankha njinga tonse awiri,
agalu akutiuwa m'mipanda ya matabwa.
Nkhungu inandigwira kumaso, m'makutu, m'khosi,
ngati mlamu amene wamva za iwe kwa zaka zambiri
ndipo akufuna akuonetsetse.

Sindinaipukute.